Chinangwa Chowawa: Kuunikanso Kafukufuku wa ku Nkhata Bay ndi Phunziro Lake pa Minda Yoyesera

Chaka chilichonse minda yoyesera chinangwa ikakumbidwa, zotsatira zimatuluka mu ndandanda umene alangizi anauzolowera. Kumanzere kumakhala dzina la mtundu, kenaka matani pa hekitala, kenaka nambala yosonyeza kukula kwa matenda kuyambira 1 mpaka 5. Mtundu wobereka kwambiri umakhala pamwamba. Koma alangizi a m'maboma a m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti mtundu wopambana pa pepala si nthawi zonse umapambananso m'minda ya alimi. Mbewu imagawidwa, imabzalidwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo mlangizi akabwererako amaipeza yatsala mizere iwiri kumalire, munda wonse utabwerera ku mtundu wakale.

Yankho lachangu limakhala lakuti alimi safuna kusintha. Pali kafukufuku amene anasonyeza kuti yankho limeneli n'losakwanira. Anachitika ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990 motsogozedwa ndi Linley Chiwona-Karltun, pamodzi ndi Jonathan Mkumbira, John Saka, Nzola Mahungu, Hans Rosling ndi ena, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa pang'onopang'ono kuyambira 1998 mpaka 2004. Nkhani ino ikuunikanso ntchito imeneyi: zimene inapeza, pamene ili yolimba, pamene ili yofooka, ndi zimene minda yoyesera ya lero isanatengebe kuchokera kwa iyo.

Maganizo amene analipo kale

Chinangwa chilichonse, chozizira ndi chowawa chomwe, chili ndi mankhwala achibadwa otchedwa linamarin m'masamba ndi m'mizu. Muzu ukaphwanyidwa, ukatafunidwa kapena ukafewa m'madzi, linamarin amasweka n'kutulutsa poizoni wa sayanaidi. Mitundu imangosiyana pa kuchuluka kwake. Ngakhale mtundu umodzi womwewo umasintha malinga ndi nthaka ndi nyengo, ndipo chilala chimachulukitsa poizoniyu.

Kuopsa kwake si nkhambakamwa. Matenda a konzo, amene amapuwalitsa miyendo mwadzidzidzi ndipo sachizika, analembedwa koyamba ku Congo mu 1938. Mu 1981, chilala chitavuta, anthu oposa 1,000 anapuwala m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Njala inawakakamiza kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, popanda ndiwo zopatsa thanzi. Hans Rosling anali dokotala ku Nacala nthawi imeneyo ndipo anali m'gulu la amene anafufuza mliriwu. N'zosadabwitsa kuti akatswiri ambiri opanga mitundu yatsopano ankaona kuwawa ngati chilema choyenera kuchotsedwa. Mtundu wabwino, m'maganizo awo, unali wobereka kwambiri, wopirira matenda ndi wochepa poizoni.

Funso limene linatsala losayankhidwa linali ili: ngati chinangwa chowawa n'choopsa ndipo chimafuna ntchito yambiri, n'chifukwa chiyani madera amene amadalira chinangwa pa nsima ndi omwewo amene amabzala chowawa kwambiri? Nkhata Bay anali malo oyenera kufunsako. Kondowole ndiye chakudya cha tsiku ndi tsiku kumeneko. Komanso chapakati pa zaka za m'ma 1980 kodikodi anasakaza minda ya m'bomali mpaka mabanja ambiri anasowa chakudya ndi mbewu yomwe. Vutoli linachepa kamavu kodya kodikodi, kochokera ku South America, katamwazidwa mothandizidwa ndi bungwe la IITA. Alimi anayambiranso minda yawo, ndipo ofufuza atafika anapeza kuti gawo lalikulu la minda linali la chinangwa chowawa.

Zimene ofufuza anapeza

Gawo loyamba, losindikizidwa mu 1998, linali lofunsa ndi kumvetsera. Alimi, makamaka amayi, amagawa chinangwa pawiri. M'chilankhulo chawo amati vyakubaba ndi vyakuzizira, kutanthauza chowawa ndi chozizira. Chozizira amabzala pang'ono, chotafuna chachiwisi kapena chophika. Chowawa ndiye nkhokwe ya banja. Zifukwa zimene anapereka zinali zomveka. Wakuba sazula chinangwa chimene sangachidye pomwepo kapena kuchigulitsa mawa lake. Anyani ndi nguluwe sizichikonda. Ana ndi achibale sachizula mwachisawawa. Popeza chimayamba chaviikidwa chisanadyedwe, amene amaviika ndiye amalamula tsiku lokumba ndi kuchuluka kwa chokumba, ndipo ameneyo ndi mayi wa pakhomo. Amayi opanda amuna ndi amene ankachidalira kwambiri, chifukwa minda yawo ndi imene akuba amayamba kuilowa. Alimi ananenanso kuti chowawa chikaviikidwa chimatulutsa ufa woyera ndi kondowole wabwino.

Gawo lachiwiri, la mu 2000, linafunsa ngati anthu odya chinangwa chowawa tsiku ndi tsiku akulandira poizoni wambiri m'thupi. Ofufuza anayeza mkodzo wa amayi, ndipo anapeza kuti poizoni wofika m'thupi anali wochepa. Kusenda, kuviika m'madzi mpaka muzu utafewa, ndi kuyanika padzuwa kunali kuchotsa poizoni mokwanira.

Gawo lachitatu, la mu 2003, linayerekeza mayina a alimi ndi zimene DNA ya zomera inasonyeza. Amayiwo ankazindikira mitundu yawo poyang'ana masamba, nthambi ndi khungu la mtengo, ndipo zoyeza za m'labotale zinagwirizana nawo pa zomera zambiri. Chinanso, mitundu imene ankaitcha yozizira ndi imene ankaitcha yowawa inapezeka kuti ndi magulu awiri osiyana pa chibadwa.

Gawo lachinayi, la mu 2004, ndi limene lili ndi manambala ofunika kwa mlangizi. Amayi 28 anapemphedwa kunena za kuwawa kwa mizu 492 yochokera ku mitundu 10 yolimidwa kwambiri, asanalawe ndiponso atalawa kansonga ka muzu. Kenaka muzu uliwonse unagawidwa pakati: theka linapita kokayezedwa poizoni, theka lina kwa gulu lophunzitsidwa kulawa. Mizu 132 ya mitundu yozizira inali ndi mamiligalamu 29 a sayanaidi pa kilogalamu ya muzu wauwisi, potengera pakati. Mizu 360 ya mitundu yowawa inali ndi mamiligalamu 153. Kulawa kansonga kunathandiza alimi kulosera bwino kwambiri kuopsa kwa muzu.

Pamene kafukufukuyu ali wolimba

Mphamvu yaikulu ya ntchitoyi ndi dongosolo lake. Ofufuza anayamba ndi kufunsa, osati kuyeza. Atamva zimene alimi akunena sanangozikhulupirira, komanso sanazitaye ngati zikhulupiriro za kumudzi. Anazitengera ku labotale n'kuziyesa imodziimodzi. Alimi amati amazindikira mitundu yawo, DNA inayezedwa. Amati lilime limawauza kuopsa kwa muzu, poizoni anayezedwa pa muzu womwewo umene analawa. Amati kuviika kumachotsa vuto, mkodzo unayezedwa. Kugawa muzu umodzi pakati kunali nzeru yosavuta koma yamphamvu, chifukwa mizu ya pa phata limodzi imatha kusiyana kuwawa, ndipo kuyerekeza mizu iwiri yosiyana kukanasokoneza zotsatira.

Mphamvu yachiwiri ndi yakuti anafunsa anthu oyenera. Misonkhano yambiri ya zaulimi imadzaza abambo, pamene osenda, oviika, osinja ndi ophika ndi amayi. Munthu amene sanaviikepo chinangwa sangadziwe mtundu umene umafewa msanga m'madzi, umene umasendeka mosavuta, kapena umene ufa wake umada ukauma.

Mphamvu yachitatu ndi yakuti inasintha tanthauzo la zokolola. Kwa wofufuza, zokolola ndi zimene zili pa sikelo tsiku lokumba. Kwa mayi wa ku Nkhata Bay, zokolola ndi zimene zafika mu mphika. Pakati pa ziwirizi pali anyani, nguluwe, akuba, makoko, madzi otuluka poyanika ndi mizu yowola. Mtundu wozizira wobereka matani ambiri ukhoza kufikitsa chakudya chochepa pakhomo kusiyana ndi wowawa wobereka pang'ono.

Pamene kafukufukuyu ali wofooka

Ntchito yabwino imavulaza ikatengedwa kupyola malire ake, ndipo malire a iyi ndi oonekeratu.

Choyamba chili m'manambala ake omwe. Mamiligalamu 29 ndi 153 ndi apakati chabe. Mizu ya mitundu yozizira inayambira pa 1 kufika pa 123, ndipo ya yowawa inayambira pa 22 kufika pa 661. Apa magulu awiriwa akulowana. Panali mizu yotchedwa yozizira imene inali ndi poizoni woposa mizu ina yotchedwa yowawa, ndipo 123 ndi woposa kawiri malire a mamiligalamu 50 amene akatswiri amagwiritsa ntchito potchula chinangwa kuti n'chozizira. Choncho dzina la mtundu si chitsimikizo. Mlangizi wonena kuti chinangwa chozizira chilibe vuto nthawi zonse akunena zimene kafukufukuyu sananene. M'chaka cha chilala, kapena pa nthaka yoguga, muzu wa mtundu wozizira ukamveka kuwawa uyenera kuviikidwa ngati wowawa. Ana asapatsidwe ntchito yolawa.

Chachiwiri, kafukufukuyu ndi wa boma limodzi, la madzi ambiri ndi la anthu amene akhala akuviika chinangwa kwa mibadwo. Poizoni anapezeka wochepa m'matupi chifukwa cha luso ndi madzi, osati chifukwa chinangwacho n'chofatsa. M'madera ena a kumwera anthu amasenda ndi kuyanika makaka osaviika, ndipo kuyanika zidutswa zikuluzikulu padzuwa kumachotsa poizoni wochepa poyerekeza ndi kuviika. Kutenga mtundu wowawa wa ku Nkhata Bay n'kuugawa kudera losowa madzi, kwa anthu ozolowera kuphika chinangwa chachiwisi, ndi kuitana zimene zinachitika ku Nampula. Mabungwe a FAO ndi WHO anaika malire a mamiligalamu 10 pa kilogalamu ya ufa, ndipo muzu wa mamiligalamu 153 sungafike pamenepo popanda kukonzedwa bwino.

Chachitatu, nkhani ya akuba ndi nyama inachokera pa zokambirana. Gawo limenelo linalemba zimene alimi ananena, silinaike minda iwiri moyandikana, wozizira ndi wowawa, n'kuwerenga mapata ozulidwa mwezi ndi mwezi. Zonena za alimiwo n'zomveka ndipo alangizi ambiri anaziona ndi maso, koma wopanga mitundu amafuna nambala yoti aiyike pambali pa matani. Kusowa kwa nambala imeneyi n'chimodzi mwa zifukwa zimene phunziroli silinalowere mu ndandanda wa zotsatira.

Chachinayi, amayi 28 ndi mitundu 10 n'zokwanira kusonyeza kuti luso lilipo, koma n'zochepa kuti munthu anene kuti mlimi aliyense ali nalo. Awa anali alimi odziwa mitundu ya kwawo. Mtundu watsopano wochokera ku siteshoni, umene mlimi wauona chaka chimodzi chokha, sangauzindikire chimodzimodzi. Vuto la mayina liliponso: mtundu umodzi umadziwika kuti Mbundumali kwina, Manyokola kwina.

Chachisanu, kafukufukuyu anaona chinangwa ngati nkhokwe ya banja. Kwa mlimi wa ku Lilongwe kapena Dedza wogulitsa chinangwa chachiwisi m'tauni, kuwawa ndi kutaya msika. N'chifukwa chake Mbundumali akupitirirabe kulimidwa ngakhale amagwidwa msanga ndi khate la chinangwa: ogula amamufuna. Apa phunziro la kafukufukuyu likuimabe, koma motembenuka. Mlimi amasankha mtundu molingana ndi ntchito imene akufuna, kaya ndi kondowole, kaya ndi msika.

Vuto limene lakula pambuyo pake

Ubwino wonse wa chinangwa chowawa wagona pa mfundo imodzi, yakuti munda ndiwo nkhokwe. Mayi amakumba dengu limodzi, chotsala chimadikira m'nthaka miyezi yambiri. Akakumba chonse pamodzi, mizu imayamba kuda mkati pasanathe masiku atatu. Matenda a brown streak amagunda mfundo yomweyi. Si atsopano: H. H. Storey anawalemba ku Amani, m'dziko la Tanganyika, mu 1936, ndipo pofika 1950 anali atadziwika kale m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Kwa zaka zambiri ankaoneka ngati vuto la madera otsika okha, mpaka pamene anabuka ku Uganda mu 2004 n'kufalikira m'madera okwera a kum'mawa ndi pakati pa Africa. Lero amapezeka m'minda ya ku Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima.

Matendawa amafala kudzera m'mitengo yobzala ndi tizilombo toyera touluka, tomwe timafalitsanso khate. Khate limapinda masamba ndipo aliyense amaliona. Brown streak amabisala. Masamba a m'munsi amachita chikasu motsatira mitsempha koma osapindika, nthambi zanthete zimakhala ndi mizere yofiirira, ndipo nthawi zina mbewu imaoneka yathanzi ndithu. Ukadula muzu ndi pamene umapeza zigamba zouma zofiirira mkati. Ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kuwola kumeneku kumakula muzu ukakhalitsa m'nthaka, makamaka ukapitirira miyezi 12.

Kafukufuku wa ku Nkhata Bay sanali wa matenda, ndipo sangadzudzulidwe chifukwa chosayankha funso limene sanafunse. Koma amene amamutchula lero ngati umboni wakuti mitundu ya makolo ndi yokwanira akulakwitsa. Kuwawa kumathamangitsa nyani, sikuthamangitsa kachilombo ka matendawa. Mtundu wowawa umene ukuwola mkati pa miyezi 15 wasiya kukhala nkhokwe. Apa mlimi akufuna wofufuza, chifukwa kupirira matenda kumachokera ku ntchito ya zaka zambiri. Ku Amani komweko, kuyambira m'zaka za m'ma 1930, akatswiri anakwatitsa chinangwa ndi achibale ake a m'tchire, kuphatikizapo mpira umene masamba ake ambiri amadyera chigwada. Mitundu yambiri yopirira matenda imene ikugwiritsidwa ntchito mu Africa lero inachokera ku ntchito imeneyo.

Zimene minda yoyesera yatengapo ndi zimene yasiya

Kunena chilungamo, phunziroli silinatayike lonse. Mitundu imene yatulutsidwa m'Malawi ili ndi magulu onse awiri: yowawa monga Sauti ndi Sagonja, ndi yozizira monga Mpale ndi Kalawe. Palibe amene akukakamiza alimi a kondowole kusiya chowawa. Koma kayezedwe ka m'minda yoyesera kakadali ndi mipata inayi.

Mpata woyamba ndi malo. Munda wa pa siteshoni uli ndi mpanda ndi alonda, ndipo umapaliridwa pa nthawi yake. Nguluwe silowamo. Choncho ubwino waukulu wa mtundu wowawa suoneka, ndipo kufooka kwakukulu kwa wozizira sikuonekanso. Mayeso otere ndi ofunika posiyanitsa chibadwa cha mitundu, koma sanena zimene zidzachitike m'munda wa m'mphepete mwa nkhalango.

Mpata wachiwiri ndi sikelo. Matani a mizu yaiwisi ndi madzi kwambiri. Chitsanzo chowerengera chabe: mtundu wobereka matani 25 pa hekitala, umene gawo lake louma ndi 28 pa 100, umapereka matani 7 a chakudya chouma. Wobereka matani 20, koma gawo louma 38 pa 100, umapereka matani 7.6. Pa ndandanda woyamba uli pamwamba, koma wachiwiri ndi umene umadzaza thumba la ufa, ndipo mayi wasenza ndi kusenda katundu wochepa. Ofufuza ambiri amayeza gawo louma, koma nambalayo kawirikawiri siifika pa chikwangwani cha tsiku la chionetsero, pamene alimi amangoonetsedwa milu ya mizu.

Mpata wachitatu ndi nthawi. Munda woyesera umakumbidwa wonse tsiku limodzi, kawirikawiri pa miyezi 12. Mlimi amakumba pang'onopang'ono mpaka miyezi 18 kapena kupitirira. Mtundu wooneka woyera mkati pa miyezi 12 ukhoza kukhala utawola kapena utachita mitsitsi pa nthawi imene banja likuufuna kwambiri, miyezi ya njala.

Mpata wachinayi ndi mphika. Kulawa kumachitika nthawi zambiri pa muzu wauwisi kapena wowiritsa, tsiku lokolola. Mtundu wowawa suyenera kuweruzidwa choncho. Uyenera kusendedwa, kuviikidwa, kuyanikidwa, kusinjidwa ndi kuphikidwa ndi anthu amene adzaudye. Masiku ofewera m'madzi, kuyera kwa ufa, kunanda kwa nsima ndi kukoma kwa masamba ake ndi zinthu zoyezeka ngati mmene matani amayezekera.

Funsoli silakale. Mu 2023 ofufuza a ku University of California, Berkeley anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti atha kuzimitsa majini awiri amene amapanga linamarin, n'kupeza chinangwa chopanda poizoni. Kumadera kumene konzo akupuwalitsa ana, ntchito imeneyi ikhoza kupulumutsa anthu, ndipo ikhoza kupeputsa ntchito ya amayi. Koma funso limene amayi a ku Nkhata Bay anadzutsa likudikirabe yankho: poizoni akachoka, adzalondera munda ndani? Yankho lake silingapezeke m'labotale kapena mkati mwa mpanda wa siteshoni.

Njira zotsekera mipata zilipo kale

Palibe chifukwa choyambira pachabe. Njira ya munda wa mayi ndi minda ya ana inayambira m'Malawi momwe muno m'zaka za m'ma 1990, pa ntchito ya Sieglinde Snapp yoyesa mbewu za mtundu wa nyemba ndi chonde m'nthaka. Munda umodzi waukulu, wokhala ndi mitundu yonse, umayang'aniridwa ndi wofufuza, ndipo alimi ozungulira amatenga mitundu yochepa kukayesa m'minda yawo mwa kalimidwe kawo. Palinso njira yatsopano yotchedwa tricot, imene yagwiritsidwa ntchito pa chinangwa ku Nigeria ndi ku Uganda. Mlimi aliyense amalandira mitundu itatu yokha, yopanda mayina, yolembedwa A, B ndi C, ndipo pa chinthu chilichonse amangonena wopambana ndi wotsalira. Mayankho a alimi ambiri akaphatikizidwa amapereka ndandanda wodalirika. Kubisa mayina kumathandiza kuti mlimi asayamikire mtundu pofuna kusangalatsa amene wamupatsa mbewu.

Njira ziwirizi zimadalira alangizi ndi alimi otsogola. Pali zinthu zimene angayambe kulemba nyengo ino popanda chipangizo chodula.

Pa munda uliwonse wachitsanzo awerenge mapata obzalidwa, ndipo mwezi uliwonse alembe ozulidwa ndi chimene chazula: nyani, nguluwe, mfuko kapena munthu. Iyi ndi nambala imene kafukufuku wa ku Nkhata Bay sanaipereke.

Asakumbe munda wonse pa miyezi 12. Asiye mizere ina mpaka miyezi 15 ndi 18, ndipo nthawi iliyonse adule muzu uliwonse mopingasa m'zidutswa zisanu n'kulemba mizu yokhala ndi zigamba zofiirira. Mitengo ya mapata odwala isatengedwe ngati mbewu, ngakhale ikuoneka yonenepa.

Ayeze makilogalamu 10 a mizu ya mtundu uliwonse, aipereke kwa amayi odziwa kuviika, alembe masiku amene yatenga kuti ifewe, ndipo ayezenso ufa wouma umene watuluka. Kondowole wa mtundu uliwonse aphikidwe padera, ndipo olawa asauzidwe mayina.

Alembe ngati mtundu ukupereka mitengo yokwanira kubzala munda wina, ndiponso ngati mitengoyo ikupirira kudikira mvula. Mtundu wopanda mbewu yokwanira umatha wokha ngakhale alimi aukonde.

Afunse amayi padera ndi abambo, ndipo mayankho alembedwe mosiyana. Pakati pa amayiwo pakhale ena oyendetsa okha mabanja.

Pogawa mtundu wowawa kudera limene anthu saviika, mbewu isapite yokha. Ipite ndi chiphunzitso cha kusenda, kuviika masiku atatu mpaka asanu kufikira muzu utafewa, kuonjezera masiku m'nyengo yozizira, ndi kuyanika mpaka kuuma. Pamene ufa ukukayikitsa, pali njira imene Howard Bradbury wa ku Australia anayambitsa ndipo inayesedwa ku Mozambique ndi ku Congo: kunyowetsa ufa ndi madzi, kuuyala mopyapyala, n'kuusiya maola 5 pamthunzi kapena maola 2 padzuwa usanaphikidwe.

Chigamulo

Kafukufuku wa ku Nkhata Bay ndi ntchito yaing'ono pa kukula kwake koma yochitidwa mosamala, ndipo mfundo yake yaikulu ikuimabe: alimi amabzala chinangwa chowawa mwadala, pa zifukwa zoyezeka, ndipo amadziwa kuchikonza. Sanasonyeze kuti chinangwa chowawa n'choyenera paliponse, kuti dzina la mtundu limatsimikiza chitetezo, kapena kuti mitundu ya makolo ingalimbane ndi brown streak payokha. Womugwiritsa ntchito pokana mitundu yatsopano akumuwerenga molakwika, chimodzimodzi amene amamunyalanyaza.

Chimene akufuna kwa ofufuza ndi chochepa. Pambali pa matani ndi nambala ya matenda, ndandanda wa zotsatira ukhale ndi malo a ufa wotuluka pa makilogalamu 10, a mizu yowola pa miyezi 18, a mapata otayika m'munda wopanda mpanda, ndi a chigamulo cha ophika. Manambala amenewa sapezeka pa siteshoni. Ali m'minda ya alimi otsogola, ndipo afika kwa ofufuza pokhapokha alangizi atawalemba ndi kuwatumiza pamodzi ndi malipoti a nyengo ino.